Madamu a Nyenyezi

Tsiku limene Eluby anakumana ndi Calvin, mawu ake oyamba anali opepesa.

Eluby ankagwira ntchito m'kashopu kosindikiza zithunzi ndi makalata pa Songani, moyang'anana ndi pokwerera maminibasi a ku Liwonde. Munali mu Julaye chaka cha 2019, kukuzizira kochita kuumitsa milomo, pamene mnyamata wamtali wovala ovolosi analowa n'kumupatsa fulashi.

"Muli chithunzi chimodzi chokha, achemwali. Mundisindikizire papepala lonyezimira lija."

Pepala litatuluka, Eluby anagwira pakamwa. Mdima wokhawokha, timadontho toyera mbwee, pakati chinthu chabuluu ngati inki yotayikira, pambali pake dontho lalikulu lofiira.

"Pepani achimwene, pulintayi yayambanso misala yake. Dikirani ndikusindikizireni china."

Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ayi, ayi, musataye! Chatuluka bwino kwabasi. Ndi mmene zilili kumwambako."

"Kumwamba kwake kuti?"

"Pamwamba pa denga lanu lomweli. Chabuluucho ndi mtambo wa fumbi, uli kutali koti palibe angakafikeko. Pawokha suwala. Umaoneka chifukwa pali nyenyezi pafupi imene ikuuwalira, ngati fumbi la mumsewu galimoto ikayatsa nyali. Chofiiracho ndi nyenyezi yokalamba, yaikulu zedi."

Eluby anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye inuyo, ndi msinkhu wanuwo, mumakhalira kujambula fumbi?"

"Masana ndimakonza masola, madzulo ndimajambula fumbi. Ndine Calvin. Nanga inu amene mukundiseka ndinu ndani?"

Basi, nkhani inayambira pomwepo.

Sabata yotsatira Calvin anabweranso ndi chithunzi china. Sabata inayo anabwera wopanda chithunzi, atanyamula mbatata yootcha. Pofika mu Ogasiti n'kuti ogulitsa tomato pa Songani onse akudziwa kuti njinga yamoto yofiira ikaima pashopu paja, mwana wa mayi Chikopa sayankhanso makasitomala bwinobwino.

Abale inu, mnyamata ameneyu pakamwa pake panali shuga! Foni ya Eluby inkangolira meseji pa meseji.

"Wapamtima, ine ndine fumbi chabe. Ndikamaoneka ngati munthu n'chifukwa choti iwe wandiwalira."

"Duwa langa, wadya? Usandiwondere, ndikufuna amalume adzakuone uli bwino."

"Eluby, ndikulonjeza. Iwe ndiwe woyamba, ndiwenso womaliza. Ndikadzakusiya, dzanja lojambulirali lidzafote."

Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu akanatani? Ankawerenga mamesejiwo mobwerezabwereza, akumwetulira yekha ngati wapenga. Amayi ake, mayi Chikopa, amene anali a Mvano osalola zachibwana pakhomo pawo, nawo anagonja. Calvin ankafika madzulo ena, kuvula chipewa, kukhala pansi mwaulemu, kudya nawo, ndipo anawakonzera sola yawo yomwe inafa kalekale. Anagwirizana kuti Loweruka loyamba la Febuluwale amalume a Calvin adzachokera ku Phalombe kudzakumana ndi amalume a Eluby, nkhani ya chinkhoswe iyambe kuyenda.

Koma paja walira mvula walira matope. M'chikondi chimenechi munali munthu wachitatu, ndipo dzina lake silinkachoka pakamwa pa Calvin.

"A Madamu akuti mwezi ukakhala wathunthu tisamavutike, fumbilo silioneka."

"A Madamu andibwereka batire."

"A Madamu ndi anzeru, wamva!"

A Madamuwo anali Asiyatu, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kumtunda kwa chigwa cha Domasi. Ndiwo anali ndi kamakina kamene kamatembenuza kamera pang'onopang'ono kuti izitsata nyenyezi, ndipo popanda kamakinako zithunzi za Calvin zinkangotuluka mizeremizere. Choncho kukayera kumwamba, Calvin ankakwera njinga ulendo wa kubwalo la mpira la pasukulupo, kumene kulibe magetsi osokoneza.

Poyamba Eluby ankaganiza kuti ndi mayi wachikulire, wa imvi, wovala juzi ziwiri. Mpaka tsiku lina atasuzumira pawindo la shopu, anaona mzimayi akutsika panjinga yamoto yakeyake kutsidya kwa msewu. Woyera, wa magalasi, mpango wobiriwira kumutu, woyenda mosathamanga ngati msewu wonse ndi wake. Calvin anamuthamangira. Mzimayiyo anamupatsa kachikwama, ananena kanthu kena, ndipo onse awiri anaseka. Calvin anaseka kuseka kuja kogwira nako tebulo, kumene Eluby ankayesa kuti n'kwa iye yekha.

Mtima wa Eluby unachita kuti myuu! Tsiku limenelo anasindikiza makadi a ukwati wa eni ake chadodolido.

"Ndiye a Madamu anu aja ndi amenewo?" anafunsa madzulo, Calvin atabwera kudzamutenga.

"Eya. Ndimafuna ndikuonetse koma anali pachangu."

"Simunandiuze kuti ndi okongola."

"Aa, ine ndimaona zimenezo ngati?"

"Munthu woona fumbi la kumwamba alephere kuona nkhope ili pamphuno pake? Musanditole, a Calvin!"

Calvin anamugwira dzanja.

"Nsanje imeneyi, switi wanga? Kumene kuja timangokhala duu, kudikira kamera. Udzudzu ndiye umatidya."

"Ndiye nanenso muzinditenga, ukandidye limodzi."

"Amayi angalole? Mtsikana kuyenda mdima utagwa, amalume asanakumane? Angatithamangitse tonse. Pirira pang'ono, tikakwatirana uzidzanyamula kamera ndiwe."

Zinali zoona, mayi Chikopa sakanalola. Eluby anameza malovu, koma nsanje sinamezeke.

Mvula itayamba mu Disembala, Eluby anasangalala mumtima. Anati mitambo ikatseka kumwamba ndiye kuti mwamuna ndi wanga. Koma m'malo mwake Calvin ndiye anayamba kusowa. Pakhomo pa mayi Chikopa ankafika mwa apo ndi apo, ndipo madzulo enawo kunkangobwera meseji.

"Wapamtima, kumtunda kuno kwayera. Ndili kubwalo ndi a Madamu. Foni ndizimitsa, paja kuwala kwake kumaononga zithunzi. Ulote ine."

Eluby ankatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Mitambo ili bii kuchokera kuphiri la Zomba mpaka ku Malosa. Kwayera kwake kuti? Kodi mitamboyi inkang'ambika pamutu pa a Madamu pokha? Akaimba foni, inali yozimitsadi. Ankawaona m'maganizo mwake anthu awiri aja mumdima, mitu itayandikana pakagalasi ka kamera, mpango wobiriwira ukukhudza tsaya la Calvin.

Tsiku lina mu Januwale zinamukwana.

"Calvin, iwe ukundiyesa chitsiru eti? Kwathu kuno mvula, kwa mkazi wakoyo nyenyezi! Ngati ukujambuladi, zithunzi zake zili kuti? Fulashi ija unasiya kubweretsa bwanji?"

Yankho linafika m'mawa mwake, pamodzi ndi chithunzi. Nyenyezi zitatu zondondozana zija, Akamwiniatatu, zinali pakati. Pafupi nazo panali kamtambo kabuluu, kakang'ono koma kokongola. Chapansi panali nyenyezi yofiira, yaikulu, yowala kuposa pafupifupi zonse.

"Cha dzulo madzulo ichi, duwa langa. Ndalumidwa ndi udzudzu kuti ndikujambulire iweyo. Ukadali kukayika?"

Eluby analira ndi manyazi. Anapepesa. Anachiika chithunzicho pankhope ya foni yake.

Koma nsanje ndi matenda oipa, abale. Inangogona tsiku limodzi, mawa lake n'kudzuka ndi funso lina. Chabwino, kubwalo amapitadi. Nanga kamera ikamajambula yokha, iwo awiriwo manja amakhala akugwira chiyani?

Kumapeto kwa Januwale, patatsala sabata imodzi kuti amalume akumane, mvula inakata. Dzuwa linalowa kumwamba kuli mbee, ngakhale pa Songani pomwe. Eluby akutseka shopu, foni inalira.

"Lero ndiye kwayera zenizeni, wapamtima. Ndili ndi a Madamu. Ndazimitsa."

"Lero lomwe ndikakupezani," anatero Eluby, akulankhula yekha.

Kunyumba ananamiza amayi ake kuti kuli kwaya. Anatenga tochi yaikulu imene ankaunikira m'khola la nkhuku, n'kuibisa m'chitenje, n'kukwera kabaza. Njira yonse ya kumtunda matope ankamuthovukira m'miyendo, achule akulira m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, iye akukonza mawu oti akalankhule. Anafika pasukulupo mdima utangogwa kumene, m'nyumba za aphunzitsi mukumvekabe kugobedeka kwa mbale.

Pakati pa bwalo panali kakuwala kofiira, kochepa ngati khala la moto. Eluby anavula nsapato n'kuyenda monyang'ama. Atayandikira anaona kamera itaimikidwa pa miyendo itatu, itapenya kumwamba. Pambali pake panali mkeka, ndipo pamkekapo anthu awiri atafunda bulangete limodzi. Mmodzi anali wa mpango. Winayo anali mwamuna, mutu atautsamiritsa paphewa la mnzakeyo.

Mayo ine! Magazi onse anathamangira kumutu. Eluby anatulutsa tochi ija n'kuyatsa.

"Ndakugwirani! Nyenyezi zake ndi zimenezi? Calvin, dzuka undiyang'ane!"

"Zimitsani! Zimitsani tochiyo!" anakuwa Asiyatu, akudumphira kutsogolo kwa kamera.

Koma Eluby ankaivinitsa tochiyo uku ndi uku, pankhope, pamkeka, pagalasi la kamera penipeni. Mwamuna uja anadzuka akuphimba maso. Anali bambo wamfupi, wa dazi, wa ndevu, kawayilesi kali m'manja.

Sanali Calvin.

Tochi inagwa m'maudzu n'kuzima yokha.

"Mayi, mwadwala?" anafunsa bamboyo mwakachetechete. "Ine ndine Abasi. Awa ndi akazi anga."

Asiyatu anawerama pakamera, anadina, anayang'ana, kenako anagwira m'chiuno. Mawu ake ankanjenjemera ndi mkwiyo.

"Mukudziwa chimene mwachita? Masabata atatu ndakhala ndikudikira kuti kuyere! Kamtambo kamene ndikujambulako n'kofooka, kamera imayenera kukhala chitsegulire nthawi yaitali, ikutolera kuwala pang'onopang'ono. Inu mwangothiramo tochi ya nkhuku! Onani uko, mitambo yayamba kale kutuluka kuphiri. Ndinu ndani inu?"

Eluby manyazi anamugwira, koma nsanje inali isanatheretu. Anakweza mutu.

"Ndine wa Calvin. Mwamubisa kuti?"

"Calvin? Calvin kuno anasiya kubwera kumayambiriro kwa Disembala."

"Bodza! Wandilembera lero lomwe kuti ali ndi inu."

"Ndiye mufufuze m'bulangetemo," anatero Abasi, akulikutumula.

"Musandiseke! Umboni ndili nawo." Eluby anatulutsa foni. "Ichi anajambula konkuno masabata awiri apitawa. Mukana?"

Asiyatu analandira foniyo, anachepetsa kuwala kwake, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Atalankhulanso, ukali uja unali utatsika.

"Chithunzichi ndikuchidziwa, anajambuladi pabwalo pano. Koma si mwezi uno. Ndi cha Januwale wa chaka chatha."

"Mwadziwa bwanji? Nyenyezi si zomwezomwezo chaka ndi chaka?"

"Zambiri, inde. Koma iyi ayi." Asiyatu analoza dontho lofiira lija pafoni. "Imeneyi dzina lake ndi Betelgeuse. Ndi nyenyezi yokalamba, ndipo siwala mofanana nthawi zonse. Imawala, imazirala, imawalanso. Pachithunzipa mukuiona mmene ilili, yaikulu, ikupikisana ndi yoyera ili pamwambayi. Tsopano bwerani. Musakhulupirire ine, muone nokha."

Anamugwira Eluby paphewa n'kumutembenuza.

"Mwawaona Akamwiniatatu? Tsikani chapansi. Yofiirayo."

Eluby anaifunafuna mpaka anaipeza. Inali yofiira ndithu, koma yofooka, yosasiyana kwenikweni ndi inzake ya pambali pake. Anayang'ana pafoni. Anayang'ananso kumwamba.

"Inayamba kuzirala chakumapeto kwa chaka chathachi," Asiyatu anapitiriza. "Panopa yafooka kuposa mmene ndinaionerapo chibadwire, ndipo okonda nyenyezi kulikonse akungokamba za iyo. Ndamutumizira Calvin mameseji kuti bwera udzaone, osayankha. Munthu amene anaima pabwalo pano mwezi uno sangakutumizireni chithunzi ichi n'kunena kuti n'cha dzulo. Akanachita manyazi."

Eluby anakhala pansi m'maudzu onyowa.

"Ndiye... ndiye amapita kuti?"

Asiyatu ndi mwamuna wake anayang'anana.

"Ine ndimayesa ali nanu kunyumba, akuthandiza," anatero Asiyatu. "Ndipo ndimafuna ndikufunseni. Mwanayo mwamusiya ndi ndani madzulo ano?"

"Mwana wake uti?"

Abasi anazimitsa kawayilesi kake.

"Tsiku lomaliza kubwera kuno," Asiyatu analankhula mosamala ngati akuponda paminga, "anatiuza kuti akhala wotanganidwa chifukwa akazi ake achira, mwana wamwamuna. Ine ndikamapita ku Zomba ndimaiona njinga yake pa Naisi, panyumba ina kuseri kwa chigayo. Inu simukhala ku Naisi?"

"Ndimakhala ku Songani," anatero Eluby, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Ndilibe mwana. Amalume ake akubwera kwathu Loweruka likudzali."

"Kalanga ine!" anatero Abasi.

Pamenepo Eluby analira. Sikunali kulira kwa ulemu ayi, kunali kwa kamwana kotayika pamsika. Ndipo amene anamukumbatira, kumufunditsa bulangete, n'kumupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wobiriwira, anali mkazi yemwe uja anakhala akumutukwana mumtima miyezi yonseyi.

"Pepani a Madamu. Ndakuonongerani ntchito. Ndinkakudani popanda chifukwa."

"Kumwamba kudzayeranso," anatero Asiyatu. "Tiyeni abambowa akuperekezeni, amayi angade nkhawa."

M'mawa mwake Eluby sanatsegule shopu. Anavala siketi yake yakuda ndi bulauzi yoyera ya kuntchito, anatenga chikwama, n'kukwera minibasi yolowera ku Zomba. Foni inali italira kale kawiri.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Dzulo kunali bwino zedi, ndajambula zambiri."

Eluby anaibweza foniyo m'chikwama. Mumtima ankapempherabe kuti mwina a Madamu analakwitsa, mwina njingayo ndi ya munthu wina. Njinga zofiira n'zambiri, si choncho?

Pa Naisi anatsika, anafunsa kuchigayo, anazungulira kuseri. Nyumba inali ya njerwa zosapaka, ya malata atsopano, sola ili padenga. Njinga yofiira inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo pachiwongolero pake panali kansalu kamene Eluby anamangirira yekha ndi manja ake.

Pakhonde panakhala mtsikana wa msinkhu wake womwewo, wowonda, wa maso otopa, akuyamwitsa khanda.

"Odi," anatero Eluby. "A Calvin ndawapeza?"

Mtsikanayo anamuyang'ana bulauzi, chikwama, nsapato, ndipo nkhope yake inasintha. Anaimirira, khanda lili pachifuwa.

"Mwafika mpaka pakhomo panga? Ndinu madamu a nyenyezi aja eti?"

"Ine..."

"Musandidule! Ine ndine Lyness, mayi wa mwana uyu. Ndakhala ndikufuna nditakuonani. Mulibe manyazi inu? Mphunzitsi wathunthu, kumakhala ndi mwamuna wa mwini mumdima! Ine ndili ndi pakati, iye ali kwa inu. Ndachira, mabala asanapole, akuti kwayera, a Madamu akundidikira, foni ndizimitsa. Amabwera kuno atakhuta, akununkhira sopo wa eni! Nyenyezi zimaphika? Mundisiyire mwamuna wanga, ndakupemphani. Inu ndinu ophunzira, mupeza wina. Ine ndipita kuti ndi mwanayu?"

Misozi inali ikutsika pamasaya a Lyness, ikudonthera pamutu pa khanda.

Mawu amenewa Eluby ankawadziwa. Anali ake omwe, amene anawakonza pakabaza dzulo. Ndipo chakudya chimene Calvin ankabwera atakhutacho anaphika ndi iyeyo, m'khitchini mwa amayi ake.

"Sindine madamu ayi," anatero pang'onopang'ono. "Madamuwo ndawaona dzulo. Ali ndi mwamuna wawo, ndipo a Calvin sanapondeko kumeneko chiyambire Disembala."

Lyness anaphethira.

"Nanga inu ndinu ndani?" Kenako anatembenukira kuseri kwa nyumba n'kukuwa. "Bambo a Success! Bambo a Success, tabwerani kuno!"

Calvin anatulukira pakona atavala kabudula ndi vesiti, atanyamula beseni la matewera ochapa, akuimba kamluzu. Ataona amene waima pabwalo, mluzu unathera pakamwa. Beseni linapendekeka, matewera n'kukhuthukira m'matope.

"Eluby! Ukutani kuno?"

"Akufunsa kuti ndine ndani," anatero Eluby. "Auzeni."

Calvin anatsegula pakamwa, anatseka. Mnyamata wa mawu a shuga uja, lero lilime linakana. Anayang'ana njinga, anayang'ana matewera, thukuta lili kamukamu m'mawa wozizira. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

"Poti akanika, ndinene ndine," Eluby anatembenukira kwa Lyness. "Achemwali, ine sindinkadziwa za inu, Mulungu ndi mboni. Ndine amene amalume ake akudikira amalume a bambo a Success Loweruka likudzali, kuti akambe za chinkhoswe. Madzulo amene ankakuuzani kuti ali kunyenyezi, anali kwathu. Amene ankandiuza ine, anali kuno."

Lyness anakhala pansi pakhonde mwadzidzidzi. Khanda linasiya bere n'kuyamba kulira.

"Chinkhoswe?" ananong'ona. "Ine anandiuza kuti amalume ake akudwala, n'chifukwa chake sanabwerebe kwathu."

Calvin anaponya phazi limodzi kutsogolo, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi mbuzi ya eni.

"Wapamtima, tandimvera kaye..."

Onse awiri anacheuka.

Eluby anaona Lyness akucheuka, Lyness anaona Eluby akucheuka. Apo m'pamene mtima wa Eluby unasweka zenizeni. Ngakhale dzina lija, limene ankagona nalo pansi pa pilo, silinali lake yekha.

"Ukuitana uti?" anafunsa Lyness.

Eluby sanadikire yankho. Anawerama, anatola thewera limodzi limene linagwera pafupi ndi phazi lake, analikutumula n'kuliika pakhonde pambali pa Lyness. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Kumbuyo ankamva Calvin akuitana dzina lake, khanda likulira, chigayo chikulirima. Sanacheukenso. Chimene chinkamulemera tsopano chinali chimodzi: akafika bwanji pamaso pa amayi ake, amene anali atauza kale Mvano yonse?

Kumsewu minibasi ya ku Songani inaima yokha, kondakitala atatulutsa mutu pawindo.

"Songani, Domasi, Malosa! Tiyeni asisi, malo alipo. Muli angati?"

Eluby anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndili ndekha."